Ululu wa pambuyo pa opareshoni ya bondo kapena chiuno, anzathu mukuthana nawo bwanji?

Nabanda:
Moni nonse pa gulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene munadutsamo mu zimenezi. Amayi anga awachotsa bondo lowonongeka lija nkuwaikira lochita kupanga sabata yathayi, pano tili kunyumba koma ululu wake ayi ndithu, usiku sakugona akungobuula mpaka kucha. Anatipatsa panado, tramadol ndi jakisoni wina wobaya pamimba woti magazi asaundane. Vuto ndi loti amayiwo tramadol akukana akuti akuopa kuzolowera, panado nayenso akumwa pokhapokha misozi ikayamba kutuluka. Zoti azipinda bondo zomwe anawauza afizyo (aja ophunzitsa odwala zolimbitsa thupi) zija asiyiratu, akuti akangoyesa akumva ngati chilonda chitseguka. Kodi ululu umenewu ndi mmene umakhalira kapena pali chalakwika? Ndichite bwanji ine?

Mayi a Tadala:
Pepani achemwali, zimawawa zimenezo musaone ngati amayi akuwonjezera. Ine anandipanga mawondo onse awiri, limodzi kenako linalo, ndiye ndikudziwa chomwe akunena. Masabata awiri oyambirira ndi amene amakhala ovuta kwambiri makamaka usiku, masana umaiwalako chifukwa pali anthu koma kukada bondo limagunda lokha ngati muli mtima mkatimo. Kenako zimayamba kutsika pang'onopang'ono, pofika mwezi ndi theka munthu umaona kuti eya ndinachita bwino kupangitsa. Koma zodikira kuti ululu ufike posauzana ndi pamene umwe mankhwala, zimenezo awuzeni asiye lero lomwe.

Nabanda:
Zikomo mayi. Nde akuti kumwa mankhwala usakumva kupweteka nkuwononga thupi.

Nesi Chikondi:
Achemwali a Nabanda, ine ndimagwira ntchito mu wodi ya odwala mafupa ndiye maganizo a amayiwo ndimakumana nawo pafupifupi tsiku ndi tsiku, makamaka kwa akuluakulu amene anakula akudziwa kuti kupirira ndiye ulemu. Afotokozereni mofatsa chomwe chinachitika mu bondomo. Adokotala anacheka khungu, anatsegula mnofu, anadula nsonga za mafupa awiri, la ntchafu ndi la mwendo, nkuvekapo chitsulo, pakati nkuikapo pulasitiki yolimba. Si kachilonda ayi. Thupi likuyenera kumva kuwawa ndipo lizimvabe kwa masabata angapo kaya apirire kaya asapirire.

Ululu uli ngati moto, ukadali wochepa umazima ndi kapu imodzi ya madzi koma ukaulekerera kuti ukolele olo ndowa siikwana. Nchifukwa chake pa masiku oyambawa panado timamwetsa potsata wotchi, osati potsata kulira kwa wodwala. Munthu wamkulu amamwa mapilisi awiri a 500 mg, kanayi pa tsiku, patali maola 6, ndipo asapyole mapilisi 8 pa maola 24, omwe ndi magalamu 4. Ngati amayiwo ndi ochepa thupi osafika makilogalamu 50, kapena ali ndi vuto la chiwindi, mlingo umatsika ndiye funsani adokotala awo. Komanso muziwerenga mapaketi chifukwa mankhwala ambiri a chimfine ndi ena ngati co-codamol amakhala kale ndi paracetamol mkatimo, yemwe ndi panado yemweyo, munthu amatha kupyola mlingo osadziwa ndipo chomwe chimavulala ndi chiwindi.

Tramadol yo amabwera pamwamba pa panado pamene panado yekha walephera, kawirikawiri usiku pogona ndi nthawi yoti achite zolimbitsa bondo. Muziwafunsa kuti pa 0 mpaka 10 ululu uli pati. Sitifuna 0 ayi, sizitheka panopa. Tikufuna ukhale cha pa 3 kapena 4 poti atha kugona, kudzuka kupita kuchimbudzi ndi kupinda bondo.

Limbani:
Asisita ndikumva koma pa tramadol po ine sindikugwirizana nanu. Amayiwo akuopa zoona. Msuweni wanga anayamba choncho atathyoka mwendo, mankhwala a kuchipatala enieni olembedwa ndi dokotala, mwendo unapola koma iye sanasiye mpaka anayamba kusakasaka yekha, akapanda kumwa thukuta kunjenjemera kukwiya ndi aliyense pakhomo. Taona nazo zokhoma ife. Nde mukamanena kuti amwe basi ine mtima ukundipweteka.

Nesi Chikondi:
Achimwene a Limbani pepani ndi za msuweni wanuyo, ndipo simukunama. Tramadol, codeine, morphine, oxycodone onsewa ndi banja limodzi ndipo amazolowereka ndithu, amene angakuuzeni kuti tramadol ndi wofatsa alibe vuto akukunamizani. Koma taonani kusiyana kwake. Zoopsa zimakula munthu akamwa kwa nthawi yaitali, palibe womuyang'anira, palibe tsiku loikika loti asiye, kenako nkuyamba kumwa kuti agone kapena kuti mtima ukhale pansi osati chifukwa cha bala. Pano tikunena za masiku ochepa, mwina sabata imodzi kapena awiri, mlingo wochepetsetsa womwe ukugwira ntchito, uku tikuchotsa pang'onopang'ono, kuyamba kusiya wa masana nkutsala wa usiku, kenako nayenso kusiya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mu 1986 ndondomeko yokhala ngati makwerero ya mankhwala a ululu, poyamba inali ya odwala khansa amene amayambira pansi nkumakwera. Wa opareshoni amayenda mobwerera, amayambira pamwamba tsiku loyamba nkumatsika mpaka kutsala ndi panado yekha. Wodwala akapyola masabata angapo akufunabe mlingo womwewo kapena wochuluka, pamenepo abwerere kwa dokotala, osati kungokatenga ena.

Limbani:
Chabwino koma mapilisiwo asunge mwanayo osati wodwala. Ndipo akatsala musasunge mnyumba kuti mwina wina adzadwala mutu.

Nesi Chikondi:
Pamenepo ndiye mwalasa. Otsala abwezeni ku famase, osagawira mnzanu olo akhale ndi ululu wofanana. Ndionjezerepo kuti tramadol salolana ndi mowa kapena mapilisi ogonetsa chifukwa kupuma kumatha kutsika munthu ali mtulo, salolana ndi wodwala khunyu, komanso amene amamwa mankhwala a matenda okhumudwa ngati fluoxetine auze dokotala kaye. Ndipo amabweretsa chizungulire, ndiye amayiwo akadzuka usiku pakhale nyali ndi munthu pambali, kugwa ndi bondo latsopano ndi nkhani ina yaikulu.

Mayi a Tadala:
Chimene sanakuuzeni mwina ndi kudzimbidwa. Eee anthuni. Mankhwala amenewa amamanga m'mimba zedi, ine zinandisautsa kuposa nseru. Madzi azimwa ambiri, zipatso ndi zamasamba zisasowe, ndipo pemphani kuti awalembere ofewetsa m'mimba ngati senna kapena lactulose kuyambira pano, musadikire kuti apite masiku osachita chimbudzi. Akuluakulu sanena zimenezi kwa ana awo ndiye mufunse nokha mwaulemu.

Yamikani:
Bwanji osangowapatsa bulufeni kapena diclofenac? Ine msana ukandigwira ndi zomwe zimandithandiza ndipo sizoledzeretsa.

Nesi Chikondi:
Ayi ayi chonde, osawapatsa musanafunse dokotala. Mwamva kuti akubaya jakisoni wa pamimba uja, nthawi zambiri amakhala enoxaparin, ena amapatsidwa mapilisi a rivaroxaban kapena aspirin, onsewa ntchito yake ndi kuletsa magazi kuundana. Mukaphatikiza ndi ibuprofen, yemwe ndi bulufeni uja, kapena diclofenac mwawonjezera mpata woti atuluke magazi m'mimba kapena pa bala. Kuonjezera apo mankhwala amenewa amapweteka impso, amakweza BP, amadzutsa zilonda za m'mimba, ndipo anthu ambiri opangidwa mawondo ndi achikulire amene zina mwa izi ali nazo kale. Sikuti ndi oipa ayi, amathandiza kwambiri pa kutupa ndipo madokotala ambiri amalemba, ena amasankha celecoxib amene savuta kwambiri m'mimba, koma asankhe ndi amene akudziwa impso ndi mtima wa wodwalayo.

Yamikani:
Ohoo sindimadziwa, zikomo asisita.

Kondwani:
Ndine fizyo, ndilowererepo pa za kupinda bondo chifukwa kwa ine ndi pamene pagona nkhani. Achemwali a Nabanda, mankhwala aja cholinga chake chachikulu si chakuti amayi agone mwamtendere chabe, nchoti bondo liyende. Mkati mwa bondo lopangidwa opareshoni thupi limayamba kuluka zipsera, ndipo likangokhala osasuntha zipserazo zimalimba nkulimanga momwe lakhaliramo. Masabata 6 oyamba ndi amene ali ndi phindu lalikulu. Timafuna lifike madigiri 90 msanga, ndiko kuti atha kukhala pa mpando phazi lili pansi bwinobwino, kenako lipitirire cha ku 110 kapena 120 kuti masitepe ndi kudzuka pa mpando zisavute. Likakanika kupinda pakapita masabata ambiri adokotala amatha kumugonetsanso munthu nkulipinda ndi mphamvu kuti zipserazo ziduke, ndipo palibe amene amafuna kubwererako.

Za kuopa kuti chilonda chitseguka, awuzeni kuti chinasokedwa mosanjikiza kuyambira mkati ndipo adokotala amaliyesa bondolo kulipinda asanatuluke mu fiyeta. Kukoka komwe akumva kutsogoloko ndi khungu ndi kutupa.

Chitani chonchi. Amwe mankhwala, dikirani mphindi 30 mpaka 45 kuti agwire, ndiye muyambe. Agone chagada akokere chidendene cha ku matako pang'onopang'ono mpaka pomwe pakukoka, agwire pamenepo masekondi ochepa nkubweza. Kenako awongole mwendo akanikizire kuseri kwa bondo pa matiresi kuti mnofu wa ntchafu ulimbe. Phazi aziligwedeza mmwamba ndi pansi ola lililonse akakhala maso, zimenezi zimapopa magazi. Pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku kuposa kamodzi kowawitsa. Akamaliza ikani ayisi wokulunga mu kathaulo mphindi 15 mpaka 20, osagunditsa pa khungu mwachindunji, mwendo uli pamwamba kuposa mtima.

Nabanda:
Achimwene zikomo kwambiri. Koma pogona timawaikira pilo kunsi kwa bondo chifukwa akuti ndi pokhapo akupezako bwino, zili bwino?

Kondwani:
Ichotseni pilo imeneyo. Ndikudziwa kuti imakoma, aliyense amaifuna, koma bondo likazolowera kugona lopindika limadzakana kuwongoka ndipo munthu amatsala akutsimphina mpaka kalekale. Kulephera kuwongola kumavuta kukonza kuposa kulephera kupinda. Pilo iziyambira pa katumba kutsikira ku chidendene, kapena mwendo wonse ukwere uli wowongoka, kuseri kwa bondo kusakhale chotchinga.

Mayi a Tadala:
Zoona zimenezo, ine afizyo anga amachita kuyang'ana pa bedi akangolowa.

Bambo Mbewe:
Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Ine yanga inali ya chiuno, ndipo ndinene mosabisa kuti ife a chiuno timapepukidwa kuyerekeza ndi anzathu a bondo. Ululu uja unkandilasa mu mphechepeche zaka zonse zija, woti kuvala sokosi kunali nkhondo, ndinadzuka ku opareshoni utapita. Chomwe chinatsala ndi kuwawa kwa bala ndi ntchafu kulemera ndi kutupa mpaka kutsikira ku bondo ndi ku kakolo, kunachita kuda bii ngati ndamenyedwa, anandiuza kuti ndi magazi akutsika okha ndipo kunathadi. Ndinawerengapo kuti opareshoni ya chiuno ya masiku anoyi anaikhazikitsa ndi dokotala wa ku England John Charnley pa chipatala cha Wrightington mu 1962, ndiye si zoyeserera ayi, yakhala ikuchitika zaka zoposa 60.

Chimene ndikufuna kuchenjeza amene akukonzekera ndi tsiku loyamba lija. Amakubaya pamsana miyendo nkufa dzanzi, ena amabayanso pafupi ndi mtsempha kapena mozungulira bala, ndiye ukadzuka umati aaa kodi ndi zomwezi, sizikupweteka nkomwe. Nesi akabwera ndi mapilisi landirani olo musakumva kanthu, chifukwa dzanzi lija limatha, nthawi zambiri usiku womwewo kapena mmawa mwake, ndipo likatha mulibe mankhwala m'thupi mudzaitana mayina a anthu onse.

Kwa ife a chiuno vuto lina ndi kagonedwe. Adokotala anga anandiletsa kupingasa miyendo, kukhala pa mpando wotsika ndi kuwerama kupyola madigiri 90 kwa masabata 6, pogona chammbali pilo pakati pa miyendo. Ena saletsedwa zonsezi, zimatengera kuti anachekera kutsogolo kapena kumbuyo, ndiye tsatirani za dokotala wanu osati za ine.

Naphiri:
Pepani ndilowe pakati. Amuna anga nawonso anapangidwa bondo, tili mu sabata yachitatu, zinkayenda bwino ndithu amayenda ndi ndodo imodzi. Koma kuyambira dzulo akudandaula katumba, osati bondo ayi katumba weniweni kumbuyoku, watupa kuposa winayo ndipo ukagwira ndi wotentha komanso wolimba. Ndimati ndiwathowe ndi madzi otentha nkuwasisita ndi mafuta, mwina anayenda kwambiri?

Nesi Chikondi:
Mayi Naphiri osasisita, osathowa. Pitani nawo kuchipatala lero lomwe, panopa. Zomwe mwafotokozazi zikhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha wa mkati mwa mwendo, ndipo magazi oundanawo akaduka amapita ku mapapo. Mukafika nenani kuti anapangidwa opareshoni ya bondo posachedwa ndipo katumba watupa mbali imodzi, akamuunike ndi sikani. Mukaona akubanika, kupweteka pachifuwa, kutsokomola magazi kapena kukomoka musadikire galimoto ya mnzanu, itanani ambulasi.

Kondwani:
Pitani mayi, za gulu muwerenga mukabwerako.

Naphiri:
Tikunyamuka.

Nesi Chikondi:
Poti zafika apa ndinene kwa onse. Ululu wa kuchira umatsika sabata ndi sabata olo masiku ena ubwerere, umakula ukagwiritsa ntchito mwendo ndipo umamvera ayisi, kupumula ndi mankhwala. Umene umatiopsa ndi wosintha khalidwe. Munthu amapeza bwino kenako ululu nkuyamba kukwera tsiku ndi tsiku, thupi kutentha kupyola 38, kuzizidwa, bala kufiira mofalikira, kutuluka madzi kapena mafinya, pamenepo tikuganiza za tizilombo ndipo pa chitsulo tizilombo sitichedwa kukhazikika. Osayamba maantibayotiki panokha chifukwa amasokoneza zoyeza. Kwa a chiuno, ululu wadzidzidzi woopsa, mwendo kufupika kapena kutembenuka, kulephera kuponda, ndiye kuti mwina chaguluka, osayesa kukoka. Koma bondo kumveka lofunda kuposa linzake, kutupa madzulo, kulira kuti tiki tiki poyenda, zimenezo zimakhalapo miyezi ndipo pazokha si vuto.

Yamikani:
Nanga kuthowa kuja nkoletsedwa kwa onse? Agogo anga amakhulupirira botolo la madzi otentha.

Kondwani:
Pa masabata oyamba pa bondo penipeni ayi, kutentha kumawonjezera kutupa, komanso khungu la pambali pa bala limakhala la dzanzi ndiye munthu atha kupsa osamva. Mafuta ndi zopakapaka zidikire mpaka ulusi kapena timawaya tija atachotsa, zomwe zimachitika pakati pa masiku 10 ndi 14, ndipo bala litauma kwathunthu popanda nkhanambo. Patsogolo kutupa kukatha atha kufunditsa mnofu wa ntchafu asanayambe zolimbitsa thupi, zimathandiza ena.

Nabanda:
Ndabweranso. Ndawawerengera amayi zonse, za a Limbani zomwe, ndiye tagwirizana kuti mapilisi ndisunga ine ndipo ndikulemba mu kope nthawi iliyonse akamwa. Panado akumwa pa nthawi yake, tramadol avomera wa usiku ndi wa mmawa asanapinde bondo. Usiku wathawu agonako ndithu olo anadzuka pakati. Pilo yokha ndi imene tikukanganabe.

Mayi a Tadala:
Tulo tokha musadabwe, timavuta mwezi wathunthu kapena kupitirira. Akadzuka pakati pa usiku asalimbane ndi bedi, adzuke ayende pang'ono mnyumba ndi ndodo zawo, aikepo ayisi, abwerere. Masana asagone nthawi yaitali.

Naphiri:
Anthuni zikomo, Mulungu akudalitseni. Awaunika apezadi kuti magazi anaundana mu katumba, sanafike ku mapapo. Awasinthira mankhwala awapatsa amphamvu oti amwa miyezi itatu ndipo akuti aziyendabe asangogona. Ndikanawasisita kaya zikanatha bwanji.

Nesi Chikondi:
Mwachita bwino kuthamanga mayi. Pano ndiye bulufeni ndi diclofenac asayandikire nkomwe, ndipo mukaona chimbudzi chakuda, magazi mu mkodzo kapena kamfuno kosasiya mubwerere msanga.

Agogo Nachisale:
Ana anga ndakhala ndikungowerenga osayankha chifukwa nkhani yanga ndi yosiyana ndi yanu ndipo ndimaopa kufooketsa amene angopangidwa kumene. Ine chaka chikukwana chipangidwireni bondo. Ndinachita zonse zomwe anandiuza, limapinda bwino, ekiselo akuti ili bwino, koma likupwetekabe. Si ululu uja wa mafupa kukhulana ayi, uwu ndi wotentha, nthawi zina umabwera ngati shoko ya magetsi, cha kunja kwa chipsera kuli dzanzi koma nsalu ikangokhudza ndimalumpha, olo bulangeti usiku. Chomwe chimandiwawa kuposa bondolo ndi choti kunyumba anatopa nane, amati agogo munapangidwa kale opareshoni mukudandaulanso chani, mnzanu uja akuyenda bwinobwino. Mpaka ndinasiya kunena. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndi mmutu mwangamu.

Mayi a Tadala:
Agogo musatero, si mmutu ayi. Mwachita bwino kulankhula.

Nesi Chikondi:
Agogo zikomo potikhulupirira, ndipo simuli nokha. Kafukufuku amaonetsa kuti pa anthu asanu opangidwa bondo, pafupifupi mmodzi amatsala ndi ululu wopitirira miyezi itatu, kwa a chiuno ndi ochepa kuposa apo. Ndi anthu ambiri zedi koma samveka chifukwa amachita zomwe mwachita inuzi, kukhala chete poti aliyense akuyembekeza kuti uthokoze basi. Zimandipweteka chifukwa ambiri mwa iwo akanathandizika.

Zomwe mwafotokozazi, kutentha, shoko, dzanzi losakanikirana ndi kumva kuwawa nsalu ikakhudza, zikumveka ngati ululu wa mitsempha ya mauthenga. Pali kamtsempha kakang'ono kamene kamadutsa kutsogolo kwa bondo kuchokera mkati kupita kunja, pocheka nthawi zambiri kamaduka, nchifukwa chake pafupifupi aliyense amakhala ndi kadera ka dzanzi kunja kwa chipsera. Kwa ambiri kamangokhala dzanzi nkumachepa, kwa ena nsonga yakeyo imakwiya nkumatumiza uthenga wa ululu popanda chifukwa. Ekiselo siingaonetse zimenezo, imaona mafupa ndi chitsulo basi. Ululu wa mtundu umenewu panado samaugwira bwino, ndipo kuwonjezera codeine kapena morphine si njira yake. Pali ena ngati amitriptyline, gabapentin, pregabalin kapena duloxetine amene dokotala amayamba ndi mlingo wochepa nkumakweza, amatenga masabata kuti muone kusintha ndipo kwa achikulire amabweretsa tulo ndi chizungulire ndiye amafuna kuyang'aniridwa. Ena amabayidwa jakisoni pamalo pomwe pakupwetekapo kuti aone ngati ndi kamtsemphako.

Koma musanafike kumeneko adokotala a mafupa ayambe atsimikiza kuti palibe china chobisala, tizilombo toyenda mwakachetechete, chitsulo kugwedera, kapena ululu wochokera ku chiuno ndi msana umene umatha kumveka pa bondo. Pemphani kuti akuyezeni magazi a CRP ndi ESR, amene amaonetsa ngati m'thupi muli kutupa kapena tizilombo, ndi kujambulanso.

Kondwani:
Ndionjezere zomwe mungayambe kunyumba agogo. Khungu lija tiliphunzitsenso kukhudzidwa. Tengani kansalu kofewa kwambiri kapena thonje muzipukuta mozungulira pamalopo mphindi zochepa kangapo pa tsiku, kuyambira patali pomwe sipakupweteka nkumayandikira. Likazolowera musinthe nsalu yokhakhala pang'ono ngati thaulo. Zimatenga masabata koma ambiri amafika poti bulangeti silivutanso. Chipseracho muzichisisitanso ndi chala mozungulira kuti chisamatirire pansi. Ndipo musasiye kuyenda ndi kulimbitsa ntchafu, mnofu ukafooka bondo limanyamula katundu yense lokha.

Limbani:
Agogo, popita kuchipatala mutenge mmodzi mwa amene amati mukudandaula chani aja akamve yekha kwa dokotala.

Agogo Nachisale:
Nditero mwana wanga, ndimutenga wamkuluyo. Koma ine ndikafika pamaso pa dokotala mawu amandithawa ndimangoti likupweteka basi, iye nkuti lipola. Ndikanene bwanji kuti andimve?

Nesi Chikondi:
Lembani pa pepala musanapite. Pamene pakupweteka penipeni muloze ndi chala chimodzi, mtundu wa ululu monga mwatiuzira pano kuti ndi wotentha komanso wa shoko, nthawi yomwe umakula kaya usiku kaya poyenda kaya pokwera masitepe, nambala yake pa 0 mpaka 10, ndi zomwe ukukulepheretsani monga kugona kapena kuvala. Lembaninso mankhwala onse omwe mukumwa, a BP ndi a shuga omwe, chifukwa ena salolana ndi amitriptyline. Mukatero mufunse mwachindunji kuti kodi ungakhale ululu wa mitsempha, ndipo ngati pali kiliniki yoona za ululu akutumizeni kumeneko.

Agogo Nachisale:
Mdzukulu wanga andilembera madzulo ano. Nanga magazi a CRP wo ndikapite osadya?

Nesi Chikondi:
Ayi agogo idyani ndithu, ndipo mankhwala anu a mmawa mumwe monga mwa masiku onse. Amatenga pa mkono pomwepa. Ngati muli ndi chimfine kapena matenda ena panopa muwauze chifukwa nawonso amakweza CRP.